Mmene Davison Anagulitsira Agogo Ake

Davison ndi mdzukulu wanga, mwana wa Paulina, mwana wanga wachisamba. Anabadwira kuno ku Hwange mu Okutobala, mwezi umene phula la mumsewu limamata ku nsapato. Mayi ake atapita kukafuna ntchito ku Bulawayo, iye anatsala m'manja mwanga asanayambe n'kuyenda komwe. Ndiye wina akamati ndimamukometsera, ine ndimavomera. Nanga ndikometsere mwana wa yani?

Kuyambira ali wamng'ono sankatha kukana munthu. Buledi amene ndinkamumangira popita kusukulu ankathera m'kamwa mwa ana a eni, iye n'kubwera milomo ili gwaa. Mpira sankautha, miyendo yake ndi ya kuchimuna, yokolana. Koma ana a m'dera lathu la Empumalanga akasonkhana ndi mpira wawo wa mapepala, wogawa malo anali iyeyo: iwe ima uko, iwe bwerera kumbuyo. Ndipo sankasiya mwana panja. Ngakhale kamwana kamamina kolira kakangogundidwa, ankakapezera poima pafupi ndi goli.

Atamaliza Fomu 4 analowa ntchito ya njanji ku Thomson Junction, yolumikiza ndi kumasula mabogi a malasha. Amabwerako ali bii, kungooneka maso ndi mano. Chichewa amamva chonse, koma amayankha Chindebele ngati anzake onse a masiku ano. Ukamutuma, "Yebo, gogo." Ukamukalipira, "Yebo, gogo." Ndinamuuza tsiku lina kuti m'nyumba ya mayi anga munthu ankati "ee" kapena "wawa". Anandiyang'ana mwaulemu ndithu n'kunena kuti, "Yebo, gogo."

Mu 2006 bwana wina wa ku Baobab, dera la anthu olemera, ankasamukira kunja, monga ankachitira ambiri zaka zimenezo. Davison anakathandiza kukweza katundu mu lole, ndipo pomulipira anamupatsa kompyuta yakale yachimutu chachikulu imene inasowa malo m'lolemo. Anaikankha pa wilibala mpaka kuno, ataifunditsa bulangete langa labwino osandipempha.

M'kompyutamo munali masewera a hoki. Hoki ya pa udzu tinkaionako patali kwa ana a mabwana, koma iyi inali ina, ya kumaiko ozizira, kumene anthu amatsetsereka pa madzi oundana atavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, akukankha ndi ndodo kanthu kakuda konga chitini cha polishi. Tangoganizani, kuno ku Hwange, kumene madzi a mumtsuko amafunda okha!

Koma Davison sankagwira ndodo ayi. Iye anali manijala. Ntchito yake inali kugula osewera, kuwalipira, kusankha olowa m'bwalo, kuika mtengo wa pakhomo. Pakona pa galasi la kompyutayo panali mizere iwiri, ndipo anandiphunzitsa kuiwerenga. Wina unkasonyeza mbiri ya timu, ndiye kuti mmene anthu akuikondera. Winawo unkasonyeza thumba la timu. Thumba likafiira, eni timu amakwiya. Ukaumira kuti lisafiire, timu imagonja, mbiri imatsika, anthu sabwera kubwalo, ndipo thumba limafiirabe. Ine ndinamva msanga, poti ndinaphikitsapo pa ukwati wa mwana wanga. Ukagula nyama yochepa akunena chaka chonse, ukagula yambiri mwezi wotsatira mudya bonongwe.

Nthawi ya masewera ikakwana, pagalasi pankangothamanga timadontho, pansi pake n'kumadutsa mawu a Chingerezi onena amene wamenya ndi amene wagwira. Mayina a osewerawo anali ovuta, lilime losowa popumira. Davison atapeza kuti angathe kuwasintha, anawachotsa onse n'kuikamo a madala a mumzere wa nyumba zathu. A Antonio, a kwawo ku Tete, anawaika kutsogolo. A Fideli, akatekisiti athu, kumbuyo. Ena ndi ena mpaka timu inakwana, n'kuitcha Amalasha. Pa goli anaikapo agogo ake aamuna, amuna anga, a Raphaeli.

Apa ndiyenera kunena za bambo ameneyu. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka penshoni. Atapuma, chifuwa chinayamba kuwavuta. Anzawo ena anabwerera ku Malawi, ena tinakawasiya kumanda. Ndiye anayamba kugona masana atayang'ana kukhoma. Ndevu osameta. Chakudya kungotomola pang'ono n'kukankha mbale. Kutchalitchi ndinkapita ndekha, anthu n'kumandifunsa ngati kuti ndawabisa. Ku kiliniki anatipatsa mankhwala a chifuwa, koma a khomalo analibe.

Loweruka lina masana Davison anakuwa ali yekha pabalaza. Agogo akewo amawaitana Khulu, mwa Chindebele.

"Khulu agwira! Hee, Khulu agwiranso!"

Ndinamva bedi likulira kuchipinda. Kenako a Raphaeli anatulukira atagwira khoma, ali m'vesiti.

"Ndagwira chiyani ine?"

Davison anawalozera kadontho koima pa goli, ndi dzina lawo pansi pake.

"Ameneyo ndine?"

"Yebo, Khulu."

"Ndi wamtali?"

"Wamtali kuposa chitseko ichi."

Anayang'anitsitsa kanthawi, akupuma mwa phokoso. Kenako anati, "Tasuntha, ndikhale."

Kuyambira pamenepo Loweruka masana nyumba yanga inasanduka bwalo. Madala ankabwera aliyense ndi kampando kake, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha. A Raphaeli ankameta m'mawa, kuvala jekete, thukuta lili kamukamu koma osavula. Ankadya n'kupempha zina, ati goli sagwira ndi njala. Davison ankawerenga Chingerezi chija n'kumatanthauzira, madala n'kumalalatirana m'Chilapalapa cha pansi pa mgodi.

"Antonio, mampara iwe! Goli ili apo, iwe ukumenyera ku Tete?"

"Aikona, madala! Ndodo anandipatsa yokhota!"

"Zonse n'zokhota, chitsiru!"

Magetsi akazima pakati pa masewera, m'tauni yomwe imaotcha malasha opangira magetsiwo usana ndi usiku, palibe amene ankanyamuka. Ankakhala pomwepo n'kumakangana za zigoli zimene akanamwetsa akanapanda kuzima.

Vuto linabwera mwakachetechete, ndipo linachokera ku mtima womwe uja wa Davison. Manijala wanzeru amachotsa osewera okalamba n'kugula anyamata otchipa. Koma iye akanachotsa yani? Dontho lililonse linali ndi mwini wake, wobwera Loweruka ndi kampando, womupatsa moni panjira, womudziwa kuyambira ali wosavala. Ndiye sanachotse aliyense. Osewera anakalambira momwemo, malipiro akukwera, ndipo wodya zambiri kuposa onse anali goli. Anali wotchuka, anthu a kubwalo ankamuimba nyimbo, theka la mbiri ya timu linali iyeyo. Theka la thumbanso ankatenga iyeyo.

Mwanayo anayesetsa, ndikuchitira umboni. Anatsitsa osewera mu ndege n'kuwakweza basi. Anawagoneka m'mahotela otchipa, iwo n'kumadzuka otopa n'kumagonja. Anakweza mtengo wa pakhomo, anthu n'kukhala kunyumba, mzere wa mbiri n'kuyamba kutsika nawo. Mapeto ake eni timu anamulembera pagalasi kuti thumba likapanda kukonzeka nyengo ya masewera isanathe, ntchito yatha. Ndipo manijala akachotsedwa, Amalasha yapita ndi mayina onse, kuyambiranso kwina ndi alendo okhaokha.

Njira inalipo imodzi. Timu ina ya malaya obiriwira inali itapempha kugula goli, pa mtengo wokwanira kutseka dzenje lonse.

Zonsezi ine sindinkazidziwa. Chimene tinauzidwa n'choti kompyuta yadwala. Loweruka loyamba a Raphaeli anameta, kuvala jekete, n'kukhala pabalaza akuyang'ana galasi lakuda mpaka dzuwa kupendeka. Lotsatira sanamete. Pambuyo pake ndinalowa kuchipinda ndi tiyi n'kupeza msana, nkhope ili kukhoma.

M'mawa wina ndikuchokera kumsika ndinamupeza Davison atangoweruka, asanasambe n'komwe, atakhala pa kompyuta yoyaka bwinobwino, manja ali m'masaya.

"Yachira liti?" ndinamufunsa.

Anadzidzimuka. Ndiye anandiyankha m'Chichewa, chopindikapindika koma Chichewa ndithu, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti nkhani ndi yaikulu. Anandionetsa mzere wofiira, anandionetsa pempho la obiriwira aja.

"M'nyumba muno simugulitsidwa munthu," ndinatero. "Agogo ako anakunyamula pakhosi kupita nawe kukaona sitima. Gulitsa Antonio."

"Ndinayesa, gogo. Palibe akuwafuna."

"Gulitsa Antonio ndi Fideli pamodzi."

"Sangafike ngakhale pa nsapato za Khulu. Ndikawasunga, timu yonse itha. Ndikawagulitsa, adzabwera kudzaona chiyani Loweruka? Abwerera kukhoma."

"Nanga panopa ali kuti?"

Tonse tinayang'ana chitseko cha kuchipinda.

Ndinakhala pansi n'kumasadzula masamba, ndikuganiza. Ndinaona kuti mwanayo sanalakwe masamu, chinamukanika n'kutsegula pakamwa. Ndipo anali ndi chifukwa. Kwathu mwana saima pamaso pa agogo ake n'kuwauza kuti ntchito yawo yatha. Nkhani yolemera imadzera kwa ankhoswe. Nkhoswe ya a Raphaeli kuyambira pa ukwati wathu ndi a Fideli, ndiye ndinamanga mpango n'kupita kwawo.

A Fideli anaseka mpaka kupukuta misozi. Nditawauza za khoma, anasiya kuseka. "Ndibwera Lamulungu Misa ikatha, mlamu," anatero. "Muwauze avale."

Anabwera atamanga tayi. A Antonio anabweranso osaitanidwa, ati amva kuti pali mlandu. Tinawatulutsa a Raphaeli n'kuwakhazika pampando wawo. Davison anakhala pansi pafupi ndi khomo, mutu uli pansi, ngati wapereka mimba. A Fideli anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kuyambira kutali. Ananena za kutentha kwa chaka chino. Ananena za mitengo ya m'sitolo, yoti ukaiona m'mawa madzulo yasintha. Ananena kuti ngakhale timu ndi banja, ndipo banja limakhala ndi nyengo zake.

"Fideli," anatero a Raphaeli, "wamwalira ndani?"

"Palibe, achimwene. Koma kwabwera anthu. Akuchokera kutali, ovala zobiriwira. Aona ntchito yanu pa goli, ndiye atuma mawu kwa mwanayu kuti akukupemphani."

Ine ndinali nditaima pakhomo la kukhitchini, ndikuyang'ana nkhope yosameta ija.

"Akundipempha ine?"

"Inuyo."

"Anayamba ndi iwo, kapena mwanayu ndiye anakandiyendetsa pamsika ngati mbuzi?"

"Anayamba ndi iwo, Khulu," anatero Davison. "Abwera kawiri."

"Kawiri." Anakanda ndevu. "Akupereka zingati?"

Davison anatchula mtengo.

"Madola a kuno kapena a uko?"

"A uko, Khulu. Osawola."

A Raphaeli anawongola msana, ndinamva ngakhale mpando ukudandaula. "Mayi a Paulina, mwamva? Zaka zonse ndinakhala pansi pa nthaka, palibe mgodi wina unatumapo munthu kudzandipempha. Lero ndakalamba, anthu akuwoloka nyanja." Kenako anatembenuka. "Nanga Antonio akumugula zingati?"

Davison anayang'ana pansi. A Fideli anayang'ana kudenga.

"Nenani!"

"Palibe wafunsa, Khulu."

Kuseka kumene anaseka bambo ameneyu kunasanduka chifuwa, ndinachita kuthamanga ndi madzi. A Antonio anaimirira, ati iwo sagulitsidwa chifukwa ndi okhulupirika, sali ngati anthu ena ongomva fungo la ndalama n'kunyamula chikwama. A Raphaeli anawauza kuti ngakhale atawaika pa sikelo pamodzi ndi njinga yawo, sangagule ndodo imodzi.

Chifuwa chitaleka, a Raphaeli anaika mfundo zawo. Choyamba, munthu sachoka pa ntchito ngati wakuba, pakhale tiyi wotsanzikana ndi zolankhula. Chachiwiri, Loweruka lililonse Davison aziyamba wawawerengera mmene timu yawo yatsopano yasewerera, asanakhudze za Amalasha. A Fideli anaomba m'manja, mlandu watha. Batani logulitsira anakanikiza okha a Raphaeli ndi chala chawo, Davison atawagwira dzanja, ndipo tonse tinaona mzere wofiira uja ukubwerera n'kusintha mtundu.

Tiyi tinamwa, ndi mabanzi amene ndinaima pamzere m'mawa wonse kuti ndiwapeze. A Antonio ndi amene analankhula motalika, akumutamanda goli ngati sanamunyozepo.

Mbiri ya timu inagwa, monga mmene Davison ankaopera. Mawu a pagalasi ankati anthu a kubwalo akwiya, akufuna manijala achoke. A Raphaeli akamva zimenezo ankagwedeza mutu mokhutira, ati anthuwo ali ndi maso. Koma eni timu anakhala chete poti thumba linali bwino, ndipo Davison anagula goli wachinyamata wotchipa. Ameneyo sanamupatse dzina la munthu aliyense wa mumzere wathu. Anamusiya ndi lake lomwelo lothyola lilime, madala n'kumangomuti Uja.

Chimene sitinachiganizire n'choti a Raphaeli asamuka ndithu. Loweruka lotsatira ananyamula mpando wawo pakati pa anzawo n'kukauika pawindo, paokha. Amalasha ikamwetsedwa chigoli, iwo ankayang'ana panja akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Uja akagwira, ankati mwayi. Anayamba kudzuka m'mawa kumufunsa Davison kuti obiriwira ali pa nambala yanji, ndipo kutchalitchi anabwereranso, makamaka kuti akapeze anthu atsopano owauza mtengo wawo.

Ndiye linafika tsiku limene Amalasha inakumana ndi obiriwira. Nkhani inali itamveka mzere wonse, ena anachita kuima panja pa windo. A Raphaeli anatenga mpango wanga wobiriwira n'kuukulunga m'khosi pamwamba pa jekete. Ine ndinasowa poima. Uyu ndinamulera, uyu ndinamulonjeza pa guwa. Ndinangoima pakati ndi thireyi ya makapu, ndikupempha kuti magetsi azime. Tsiku limenelo sanazime.

Amalasha inasewera bwino, ndinene zoona. Timadontho tathu tinkangozungulira goli ya obiriwira. Davison ankawerenga mawu a pagalasi.

"A Antonio atenga, adutsa mmodzi, amenya... Khulu agwira."

"Ndakuona kalekale, mampara!" anakuwa a pawindo.

"A Fideli amenya chapatali... Khulu agwira."

"Pita ukaphunzitse katekisimu!"

Obiriwira anapita kutsogolo kamodzi kokha kooneka, ndipo Uja anaphonya, chigoli n'kulowa. Nthawi itatsala pang'ono kutha, dontho la a Antonio linatsala lokha ndi goli. Madala onse anaimirira. A Antonio enieni anali atagwira ndodo yawo yoyendera ndi manja awiri. Davison anawerenga.

"Khulu agwira."

Nthungululu imene inamveka m'nyumbamo ndinadabwa nayo ndekha, poti inatuluka m'kamwa mwanga. Makapu anagundana pa thireyi. Davison anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Inunso, gogo?"

"Ndi amuna anga, iwe," ndinatero. "Ukadzakwatira udzamva."

Anayesa kukwiya koma nkhope inamukanika, poti kumbuyo kwanga agogo ake anali ataimirira osagwira khoma, akuvina kamodzikamodzi, mpango ukuuluka. Amalasha inagonja ndi chigoli chimodzi chija. Ntchito ya umanijala sanamuchotse, ndipo mbiri inayamba kukwera pang'onopang'ono nyengo yotsatira, koma zimenezo n'za m'tsogolo.

Tsiku limenelo a Raphaeli sanadikire n'tiyi womwe. Anati akupita kokwerera makombi, maminibasi a kuno, kumene kumakhala anthu ambiri, akawauze za kupambana kwawo. Kumeneko n'kutali kwa munthu wa chifuwa, ndipo anali asanafikeko kuyambira pamene anapuma ntchito. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaletse, koma anali atadutsa kale geti, a Antonio akuwatsatira pambuyo akulimbikira kuti chomalizacho chinalowa.

Ndinachotsa chipewa chawo pa msomali n'kumuponyera Davison.

"Thamanga ukawaveke, dzuwa ili. Ndipo usawabweze. Uziyenda kumbuyo kwawo."